Ekadashi: Tsiku Losala Kudya la Ahindu

Ife timasala kudya m'nyengo ya Lenti. Lero timve za kusala kwa Ahindu, amene ambiri ali ku India ndipo ena tili nawo kuno ku Zambia, monga ku Lusaka ndi ku Ndola.

Tsiku lawo lodziwika losala kudya limachedwa Ekadashi, kutanthauza tsiku la nambala 11. Iwo amawerenga masiku potsata mwezi wakumwamba. Amasala pa tsiku la 11 mwezi ukamakula, ndi pa tsiku la 11 mwezi ukamacepa. Motero amasala kawiri pa mwezi, masiku 24 pa caka. Tsikuli amalipereka kwa mulungu wawo Vishnu.

Pa tsikuli sadya mpunga, tirigu, cimanga kapena nyemba. Nthano yawo imati pa tsiku limeneli ucimo umabisala m'mbewu zimenezi. Ambiri amadya zipatso ndi mbatata, namwa mkaka. Nthawi imene ikanapita kukhichini imapita ku mapemphero, kuwerenga mabuku awo opatulika ndi kupatsa osauka. Amamasula kusalako mawa lake dzuwa litatuluka.

Kusala kovuta koposa ndi Nirjala Ekadashi, m'mwezi wa Meyi kapena Juni, pamene ku India kwatentha kwambiri. Nirjala atanthauza "popanda madzi", ndipo wosala samwa ngakhale dontho. Amasimba kuti Bhima, ngwazi yokonda kudya, analephera kusala kawiri pa mwezi. Mphunzitsi Vyasa anamuuza kuti asunge tsiku limodzi ili mokwanira, ndipo lidzawerengedwa ngati onse 24.

Nanga colinga cake n'ciani? Liwu lawo la kusala ndi upavasa, kutanthauza "kukhala pafupi". Kwa iwo njala ndi njira yofikira pafupi ndi amene amamupembedza. Aphunzitsi awo amati 11 ikuimira zinthu zofunika kuzilamulira: maso, makutu, mphuno, lilime ndi khungu, manja, miyendo, pakamwa ndi ziwalo ziwiri zobisika, kenaka maganizo. Munthu akasiya mpunga koma osasiya mabodza ndi mkwiyo, amati sanasale.

Cikhulupiriro cathu ndi cawo n'zosiyana. Komabe mukapereka nsima kwa Mhindu iye nakana pa tsikuli, musati wanyoza. Akusunga lonjezo lake. Mpatseni nthoci kapena mkaka, ndipo akati ngakhale madzi ayi, mlemekezeni.