Mwana akafuna kupanga pulogalamu, musathamangire kusitolo

Makolo anzanga ndi inu mabanja achinyamata, m'makomo ambiri lero muli mwana amene akuphunzira Python, chiyankhulo cholembera mapulogalamu a pakompyuta chimene Guido van Rossum anatulutsa mu 1991. Poyamba mwanayo amakhutira ndi malemba okhaokha. Kenako amafuna pulogalamu ya mawindo ndi mabatani, yoti amayi ake azidina polemba ngongole za mugolosale. Apa mpamene amafunika chida chomangira nkhope ya pulogalamuyo, ndipo mpamenenso mkangano umabuka: bambo akuti tigule laputopu yatsopano, mayi akuti fizi kaye.

Musanatukulirane mawu, mufunseni mwanayo: pulogalamuyi adzaigwiritsa ntchito ndani, ndipo pa chipangizo chanji?

Ngati ndi ya pakompyuta ya pakhomo pomwepo, ayambe ndi Tkinter. Pa Windows imabwera limodzi ndi Python, ndi yaulere, ndipo imayenda ngakhale pakompyuta yakale. Maonekedwe ake ndi achikale ndithu, komatu fodya wako ndi uyo ali pamphuno.

Ngati ndi ya pafoni ya Android, yodina ndi chala, ayese Kivy, yomwe inatuluka mu 2011. Nayonso salipira, kungoti kusamutsira pulogalamu pafoni kumafuna kudekha ndi bandulo yokwanira.

Ngati akulota zodzagulitsa pulogalamu yake, adzakutchulirani PyQt kapena PySide. Apa tcherani khutu. Ziwirizi zimafanana pa ntchito koma zimasiyana malamulo. Akagulitsa pulogalamu yomangidwa ndi PyQt yaulere, ayenera kupatsanso ogula zonse zimene analemba popanga. Akafuna kubisa, agule laisensi ku kampani ya Riverbank Computing ya ku Britain. PySide imamulola kugulitsa osaulula zolemba zakezo, bola atsate malamulo a laisensi yake ya LGPL.

Mwaonatu, palibe chimene chikufuna kuti mugulitse mbuzi lero. Vuto lenileni ndi mwana wodumphadumpha, sabata ino chida ichi, sabata yamawa china, osamaliza kanthu. Gwirizanani awirinu, mumuuze mawu amodzi: asankhe chimodzi, amalize kapulogalamu kamodzi. Akamaliza, khalani pansi mukayese nokha iye ali chete. Mukatha kulemba ngongole ya shuga popanda kumufunsa pomwe mudine, ndiye kuti anasankha bwino, ndipo nkhani ya laputopu mutha kuyamba kuikambirana.