KUNENERATU MAULENDO A MAROKETI

Munthu wokhala ku Livingstone amadziwa kuti madzi a pa mathithi a Mosi-oa-Tunya amaculuka ca m'mwezi wa April, nacepa ca m'November, pakuti zaka zapitazo zinamphunzitsa. Momwemonso akatswiri amayesa kuneneratu kuti kampani ya SpaceX, ya ku America, idzaponya maroketi angati kumwamba pa caka.

Nkhaniyi si ya kutali ai. Mu October 2023 intaneti ya Starlink, imene ndi ya kampani yomweyo, inafika m'Zambia. Iyo imatsika kucokera ku masetilaiti ozungulira dziko. Setilaiti imodzi imagwira nchito zaka monga zisanu, ndipo pambuyo pace imatsitsidwa nipsa m'mlengalenga. Tsono maroketi akaleka kunyamula zatsopano, onse odalira intanetiyi, kapena pa sukulu, pa hotela kapena pa sitolo, adzaona bvuto.

Woneneratu amayamba ndi kuwerenga za m'mbuyo. Maroketi a Falcon anapanga maulendo 31 m'caka ca 2021, 61 mu 2022, 96 mu 2023, 134 mu 2024, ndi 165 mu 2025. Cifukwa cace nci: kale roketi inkagwira nchito kamodzi kokha, koma mu December 2015 kampaniyi inakhoza kubweza cigawo ca m'munsi kuti citere bwino pansi, ndipo kuyambira 2017 zigawo zotere zimakonzedwa ndi kuulukanso.

Caciwiri, amayang'ana malo oponyerapo, ku Florida ndi ku California, ndi masiku amene amapita pokonzanso malowo roketi ikacoka.

Cacitatu ndico cobvuta koposa: namondwe ndi ngozi. Mu September 2016 roketi inapsa isananyamuke, pamodzi ndi setilaiti ya Amos-6 imene Facebook inafuna kufikitsira nayo intaneti m'Africa, ndipo maulendo anaima kufikira January 2017. Mu July 2024 anaimanso masabata awiri. Caka cimeneco eni ace anayembekeza maulendo 144, koma khumi anaperewera.

Cotero wanzeru sachula ciwerengero cimodzi cokha. Amanena cocepa ndi cocuruka cimene cingatheke, nasiya mpata wa tsoka. Akulu anati, fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Ndipo roketi yoyenera kuwerengedwa ndiyo imene yauluka kale.