Magalimoto akale: zimene zimakweza kapena kugwetsa mtengo wake

M'midzi ya kwa Mfumu Yaikulu Mwase, m'boma la Lundazi, si cacilendo kuona galimoto yakale itaima pansi pa mtengo wa mango, matayala ataphwa, nkhuku zikuikiramo mazira. Ena mwa magalimoto amenewa anabwera ndi makolo amene anapuma pa nchito ku migodi ndi m'maofesi a boma, pomwe ena anagulidwa ndi ndalama za fodya, thonje ndi nshawa. Ogula zitsulo zakutha akafika, galimoto yotere imagulidwa poyesa kulemera kwake cabe. Koma m'maiko ena muli anthu amene amasonkhanitsa magalimoto akale, ndipo amalipira ndalama zambiri akapeza imene akufuna.

Bungwe la FIVA, lomwe limagwirizanitsa magulu osunga magalimoto akale pa dziko lonse, limati galimoto imawerengedwa kukhala ya mbiri ikakwanitsa zaka 30, ngati yasungidwa monga mmene inapangidwira ndipo siigwiritsidwa nchito pa maulendo a tsiku ndi tsiku. Izi zitanthauza kuti ukalamba pawokha siukwanira. Galimoto imene inatha ndi kunyamula matumba a cimanga mu msewu wa Chipata-Lundazi ingakhale ndi zaka 40, koma mtengo wake n'kukhala wocepa.

Cinthu coyamba cimene ogula amayang'ana ndico kusowa kwa mtundu wa galimotoyo. M'mwezi wa May 2022, galimoto ya Mercedes-Benz 300 SLR Uhlenhaut Coupé ya mu 1955 inagulidwa pa mtengo wa ma euro 135 miliyoni, cifukwa kampaniyo inapanga ziwiri zokha za mtunduwo. Mu 2018, Ferrari 250 GTO ya mu 1962 inagulidwa pa madola a ku America 48.4 miliyoni pa malonda opikisana mtengo, popeza zinapangidwa 36 cabe. Magalimoto otere sapezeka m'midzi mwathu, koma lamulo la malonda ndi limodzi: cinthu cikasowa pamene ocifuna ali ambiri, mtengo umakwera.

Magalimoto amene anayenda kwambiri m'cigawo ca kum'mawa anapangidwa ambirimbiri, motero mtengo wake suyandikira ku ziwerengero zimenezi. Komabe ena mwa iwo amafunidwa. Land Rover yoyamba inatuluka mu 1948, ndipo mtundu wa Series III unapangidwa kuyambira mu 1971 kufikira mu 1985. Kampaniyo italeka kupanga Defender yakale ku Solihull, m'dziko la Britain, mu January 2016, cidwi ca anthu pa ma Land Rover akale cinakula. Toyota Land Cruiser FJ40, imene inayamba kupangidwa mu 1960, nayonso ili ndi oikonda ambiri ku America ndi ku Ulaya. Peugeot 404 imakumbukika cifukwa inapambana mpikisano wa East African Safari kanai, mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968. Kuno kwathu, fakitale ya Livingstone Motor Assemblers inali kulumikiza magalimoto a Fiat m'zaka za m'ma 1970, ndipo ocepa amene atsala ndi mbali ya mbiri ya mafakitale a Zambia.

Caciwiri ndi mmene galimotoyo ilili. Thupi la Land Rover yakale ndi la aluminiyamu, lomwe silicita dzimbiri ngati citsulo, ndiye cifukwa cake imaoneka yabwino ngakhale yakhala pa mvula zaka zambiri. Koma chassis yake ndi yacitsulo, ndipo ikaola pansi, ndalama zoikonzera zingapose mtengo wa galimoto yonse. Ogula amafunanso kuti injini ndi giyabokosi zikhale zimene galimoto inatuluka nazo ku fakitale. Pamenepa ndi pamene magalimoto ambiri akumudzi amataya mtengo, pakuti amakaniko athu, pofuna kuti galimoto ipitirize kuyenda, anali kuikamo injini ya mtundu wina uliwonse imene apeza.

Cacitatu ndi mbiri ya galimotoyo. Ku nyumba ya nambala 394 ku Chilenje, mu mzinda wa Lusaka, kumene a Kenneth Kaunda anakhala kuyambira mu 1960 kufikira mu 1962, kumasungidwa Land Rover imene inagwiritsidwa nchito pa nthawi yomenyera ufulu. Ulemu wake sucokera ku citsulo, koma ku anthu amene inanyamula ndi nchito imene inagwira. Momwemonso, galimoto imene banja lingasonyeze umboni wakuti inali ya misheni, ya mfumu kapena ya ofesi ya boma imakopa ogula koposa ina yopanda mbiri. Malisiti, zithunzi ndi mabuku a ku galaji ndi zofunika kusunga.

Cacinai ndi mapepala. Bungwe loona za mayendedwe a pa msewu la RTSA ndilo limapereka buku la umwini wa galimoto, lochedwa white book, ndipo manambala a injini ndi chassis olembedwa m'bukumo ayenera kugwirizana ndi amene ali pa galimoto. Popanda bukuli, wogula wodziwa malonda amatsitsa mtengo kapena kubwerera, poopa kugula katundu wakuba.

Palinso nkhani ya cuma ca masiye. Ambiri mwa magalimoto amenewa eni ake anamwalira. Ngati mwini sanasiye wilo, lamulo la Intestate Succession Act la mu 1989 limagawa cuma motere: 50 peresenti kwa ana, 20 peresenti kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 peresenti kwa makolo ndi 10 peresenti kwa ena amene anali kudalira malemuyo. Wacibale mmodzi sangagulitse galimoto ya malemu payekha. Nchitoyi ili m'manja mwa woyang'anira cuma amene khoti lavomereza.

Banja limene lili ndi galimoto yakale liyenera kuicotsa pa mvula, kuikweza pa njerwa kuti chassis isakhudze nthaka, ndi kuleka kugulitsa zipangizo zake cimodzicimodzi. Liyeneranso kulemba manambala ake, kuijambula mbali zonse ndi kufunsa mtengo kwa ogula angapo lisanavomere. Nthawi zambiri mtengo udzakhala wocepa kusiyana ndi umene banja limayembekezera, koma galimoto ikadulidwa kukhala zitsulo, palibe amene angaibwezere.