Thumba la feteleza limayenda bwanji kuti lifike kuno?

Anzanga, mwezi wa Novembala ukangofika nkhani kunyumba imakhala imodzi: feteleza wafika? Ambirife fizi yathu imachokera m'munda, ndiye thumba likachedwa, temu yachiwiri ena mpando wawo umakhala wopanda munthu. Tiyeni tilitsate thumbali kuchokera komwe limayambira.

Feteleza wobereketsa uja, Urea, amapangidwa kuchokera ku gasi wa pansi pa nthaka. Kuno tilibe fakitale yake, choncho amachokera kutali, monga maiko a Aluya ndi Russia. Nyanja yamchere tilibenso. Sitima imamutsitsira pa madoko a anzathu: Beira kapena Nacala ku Mozambique, nthawi zina Dar es Salaam. Kuchoka ku Beira thiraki imadzera ku Tete, n'kulowa pa chipata cha Mwanza kapena Dedza, ulendo wa makilomita oposa 900 kuti ifike ku Kanengo. Kenako M1 mpaka pa Mponela, n'kukhotera ku Ntchisi. Ili ngati tcheni cha njinga: kachidutswa kamodzi kakaduka, kupalasa kwathera pomwepo.

Ndipo chimadukadi. Mu Malichi 2019 namondwe wa Idai anasakaza mzinda wa Beira ndi msewu wotulukira kumeneko. Mu Malichi 2021 chisitima chotchedwa Ever Given chinapingasa ngalande ya Suez kwa masiku 6, sitima mazanamazana zili pamzere ngati ife pa mjigo. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu Febuluwale 2022, mitengo ya gasi ndi feteleza inakwera dziko lonse lapansi.

Chitsanzo chomwe chimandiwawa ine ndi ichi. Kampani ya ku Russia, Uralchem, inapereka kwa Malawi matani 20,000 a feteleza waulere. Feteleza ameneyu anali atakhala pa doko ku Netherlands chifukwa cha zilango zomwe maiko a ku Ulaya anaika pa Russia. Bungwe la WFP linapeza sitima, inanyamuka kumapeto kwa Novembala 2022 kulowera ku Beira, koma mwambo womupereka kuno unachitika mu Malichi 2023. Malichi! Mwana aliyense wa ku Dowa akudziwa kuti nthawi imeneyo chimanga chamasula kale, ena ayamba kuotcha mondokwa. Wokulitsa amafunika pobzala, wobereketsa patangotha masabata atatu kapena anayi chimanga chitamera. Sopo akachedwa umangodikira, koma mvula sidikira sitima.

Nanga zipangizo zamakono zathandizapo? Eya, ndithu. Lero mwini katundu ali ku Lilongwe amaona pa foni pomwe sitima yafika, ndipo mathiraki ambiri ali ndi GPS, dalaivala akaima nthawi yaitali abwana amadziwa. Bungwe lotolera misonkho la MRA limagwiritsa ntchito makina a kompyuta a ASYCUDA, moti mapepala a katundu amatha kutsogola thiraki isanafike pa chipata. Ku Mchinji, mu 2022, anatsegula chipata choti maofesala a Malawi ndi Zambia azionera katundu malo amodzi m'malo moimitsa thiraki kawiri. Palinso njanji ya ku Nacala yolowera pa Nayuchi, ndipo sitima imodzi ya pamtunda imasenza katundu wa mathiraki ambirimbiri.

Kunonso tazionera. AIP itayamba mu 2020, makuponi a pepala anatha. Wogulitsa amajambula chiphaso cha unzika pa foni, dzina n'kutuluka. Zinachepetsa makuponi achinyengo, koma zinabweretsa mawu atsopano pa depoti: "netiweki yavuta." Kumapiri kwathu kuno, agogo amatha kugona pamzere matumba akuwaona ndi maso, kudikira foni kuti igwire.

Apa ndi pomwe ine ndimati kompyuta imafulumizitsa uthenga, koma sisenza thumba. Wogulitsa wa kunja safuna kwacha, amafuna madola, ndipo madolawo timawapeza makamaka pogulitsa fodya, yemweyu wa ku Mponela ndi Madisi. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Thumba lomwelo, sitima yomweyo, koma makwacha ofunika kuligula anachuluka tsiku limodzi. Madola akasowa, dizilo nayenso amasowa, thiraki n'kugona pa filing'i siteshoni GPS yake ikuonetsa bwinobwino kuti siikusuntha.

Ndiye pali chigawo chomaliza chimene mapu a pa foni sachiwerengera. Phula likatha, mvula itagwa usiku, lole siikwera zitunda zathu zamatope ofiira. Thumba la makilogalamu 50 lomwe ladutsa nyanja ndi zipata limamaliza ulendo wake pa kabaza, pa ngolo, kapena pamutu pa amayi, ndipo mtengo wa kabazayo umachotsedwa pa ndalama yomwe ija anasungira fizi.