Mbale yanu ikumveka chapansipansi? Yang'anani preamp

Mwafukula mbale za nyimbo zimene agogo anasiya, mwalumikiza galamafoni ku ampulifaya, koma mawu akumveka chapansipansi ndipo besi kulibe. Musafulumire kutaya singano. Mwina chikusowa ndi kachipangizo kotchedwa phono preamp.

Pojambula mbale, besi amaichepetsa dala, mawu okwera n'kuwawonjezera, motsatira muyeso wa RIAA wa mu 1954. Preamp imabwezeretsa mawuwo mwakale mwake, n'kukweza timagetsi tochokera ku katiriji, kamutu kamene kamagwira singano.

Musanagule, dziwani mtundu wa katiriji yanu. Ya MM, monga Audio-Technica AT-VM95E, imatulutsa mamilivoti 4 ndipo imafuna kukwezedwa ndi madesibelo pafupifupi 40. Ya MC, monga Denon DL-103, imatulutsa 0.3 chabe, choncho imafuna pafupifupi 60. Mukalumikiza MC ku preamp ya MM, nyimbo zidzamveka motsika, ndipo pokweza voliyumu mudzakwezanso phokoso. Mukachita mosemphanitsa, mawu adzang'ambika.

Suzumiraninso kuseri kwa ampulifaya yanu. Ngati pali polumikizira polembedwa PHONO, preamp ilimo kale, kawirikawiri ya MM, ndipo ndalama zanu zapulumuka. Ingomangani bwino waya wa ground kuti masipika asamang'ung'udze.