DZINO LA MUNTHU WAMKULU SILIMERANSO

Munthu wa ku Msoro kapena ku Malama akagona ndi dzino lowawa m'nyengo ya dzinja, pamene mitsinje monga Lupande yadzaza ndipo miseu yasanduka matope, amadziwa kuti thandizo lili kutali. Kuti akafike ku cipatala ca Kamoto, kapena kupitirira mpaka ku cipatala cacikulu ca Chipata, afunika ndalama za ulendo ndiponso kusiya munda pa nthawi yopalira. Cifukwa ca ici ambiri amangopirira kufikira tsaya litatupa, ndipo pokaonekera kwa dokotala dzinolo limakhala litaola kotheratu, kotero kuti cotsala ndi kuzula basi.

Bvutoli silili m'boma la Mambwe mokha. Mu 2022 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse, la WHO, linanena kuti anthu pafupifupi 3.5 biliyoni ali ndi matenda a m'kamwa. Komabe zimene akatswiri apeza pa zaka zoposa 100 za kufufuza zionetsa kuti mbali yaikulu ya matendawa ingapewedwe pakhomo pomwe.

CIMENE CIMAOLETSA MANO

Anthu ambiri amakhulupirira kuti m'dzino lobooka mumakhala mphutsi imene imalidya. Mphutsi yotere mulibe. Mu 1890 dokotala wa ku America, W. D. Miller, amene anali kugwira nchito ku Berlin, anaonetsa kuti tizirombo tosaoneka ndi maso timadya zotsalira za cakudya ndi kutulutsa asidi amene amasungunula dzino. Tiziromboti timakhala m'litsiro loterera lija limene munthu amalimva ndi lilime pa mano akadzuka m'mawa.

Mu 1940 Robert Stephan anapeza kuti munthu akangodya shuga, asidi amaculuka m'litsiroli pa mphindi zowerengeka, ndipo pamapita theka la ola kapena kuposerapo kuti mate amucotse mphamvu. Kufufuza kwina kunacitika pa cipatala ca Vipeholm ku Sweden kuyambira mu 1945 mpaka 1953. Njira yake inatsutsidwa pambuyo pake cifukwa odwala anapatsidwa maswiti dala, koma kunatsimikiza kuti zotsekemera zomata zodya pakati pa cakudya ndi cakudya cinzake ndizo zimaononga mano kopambana.

Tanthauzo lake ndi lakuti mwana amene amayamwa switi m'mawa, cakumwa ca m'botolo masana ndi bisiketi madzulo, mano ake amakhala m'asidi pafupifupi tsiku lonse. Mu 2015 a WHO analangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu pafupifupi 50 a shuga pa tsiku, amene ndi tisupuni ta tiyi 12, ndipo kuti tisupuni 6 ndito tabwino koposa. Makolo ayenera kukumbukira izi makamaka pa nyengo yogulitsa thonje, pamene ndalama zilowa m'mudzi ndipo zotsekemera ziculuka m'manja mwa ana.

MAGAZI A M'USININI

Ena akaona magazi potsuka mano amaleka kutsuka, poganiza kuti mswaci ndiwo wawalasa. Mu 1965 Harald Löe ndi anzake ku Denmark anapempha anthu a m'kamwa mwabwino kuti aleke kutsuka mano. Pakati pa masiku 10 ndi 21 usinini wao unatupa, koma atayambanso kutsuka unacira mkati mwa mlungu umodzi. Motero magazi ndi cizindikiro cakuti litsiro laculuka, ndipo mankhwala ake ndi kutsuka mofatsa pamene dzino likumana ndi usinini.

Litsiroli likakhalitsa limauma ngati mwala, ndipo pamenepo angalicotse ndi a cipatala okha. Likasiyidwa, matenda amatsikira ku fupa logwira mano, ndipo mano amayamba kugwedera ngakhale ali oyera osabooka. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Osuta fodya ndi odwala matenda a shuga ndiwo ali pa ngozi yaikulu ya bvuto limeneli.

MANO OYAYAMIRA

Pali anthu amene amamva kulasa m'mano akamwa madzi ozizira a mu mtsuko. M'zaka za m'ma 1960 Martin Brännström wa ku Sweden anafotokoza kuti pansi pa cikuto colimba ca dzino pali timipata tating'ono kwambiri todzaza ndi madzi. Cikuto cikaperepeseka, kapena usinini ukabwerera m'mbuyo, kuzizira kumagwedeza madziwo ndipo mtsempha wa m'kati umamva kuwawa.

Kukweca mano ndi makala, phulusa kapena mcenga kumawayeretsa kwa kanthawi koma kumadya cikutoco, cimene sicimeranso. Zipatso zowawasa za m'cigwa ca Luangwa, monga bwemba ndi malambe, ndi zabwino ku thupi, koma zimafewetsa cikuto ca dzino kwa kanthawi. Munthu akatha kudya acukuce m'kamwa ndi madzi, ndipo adikire ngati theka la ola asanatsuke ndi mswaci.

MSWACI WA MTENGO NDI MANKHWALA

Amene alibe ndalama yogulira mswaci wa m'sitolo asacite manyazi ndi wa mtengo. Ofufuza apeza kuti ukagwiritsidwa nchito mosamala umacotsa litsiro bwino, ndipo a WHO anaubvomereza kuyambira m'zaka za m'ma 1980. Cofunika ndi kusankha mtengo wodziwika kwa makolo, kutafuna nsonga mpaka ifewe, kufikitsa mswaci ku mano a kumbuyo ndi mbali ya ku lilime, ndi kudula nsonga yakale. Mswaci sabwerekana.

Cimene mtengo ulibe mokwanira ndi mcere wochedwa fluoride. Mu 1901 Frederick McKay anaona kuti anthu a ku Colorado Springs ku America anali ndi mano a mawanga ofiirira, ndipo pambuyo pake zinaoneka kuti manowo sanali kuola msanga. Mu 1931 kunadziwika kuti cocititsa ndi fluoride wa m'madzi akumwa. Mcerewu ukakhala wocepa umalimbitsa dzino ndi kubwezeretsa pamene asidi wayamba kudya, ndipo mu 2021 a WHO anaika mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwa anthu onse.

Lamulo lake ndi kutsuka kawiri pa tsiku, makamaka usiku pokagona, ndi kulabvula thobvu popanda kucukuca ndi madzi. Mwana wosakwana zaka 3 aikiridwe mankhwala ocepa ngati njere ya mpunga, ndipo wa zaka 3 mpaka 6 ngati njere ya nandolo, wamkulu akuyang'anira kuti asameze.

Fluoride akaculuka m'madzi amaononganso. Malire a WHO ndi mamiligalamu 1.5 pa lita. Mu 2007 ofufuza a m'dziko lino analemba za mano a mawanga pakati pa anthu omwa madzi a akasupe otentha m'boma la Choma. Mudzi umene ana ambiri ali ndi mawanga otere udziwitse azaumoyo kuti madzi ake apimidwe, pakuti kuwiritsa sikucotsa mcerewu.

DZINO LINGAPULUMUKE

M'zaka za m'ma 1980, ku Tanzania, dokotala wa ku Netherlands, Jo Frencken, anayamba njira yomata dzino yosafuna magetsi kapena makina oboolera. Mbali yoola imapalidwa ndi tizitsulo ta m'manja, ndipo dzenje limatsekedwa ndi mankhwala omata amene amatulutsa fluoride pang'onopang'ono. Njirayi inayesedwanso ku Zimbabwe, ndipo a WHO anailengeza mu 1994. Koma imathandiza pamene dzenje likali laling'ono, ululu wa usiku usanayambe.

Makolo adziwenso kuti mwana akafika zaka 6 amamera mano anai a kumbuyo amene ndi acikhalire, ngakhale kuti palibe dzino la ubwana limene lagwa pamalopo. Ambiri amawalekerera poganiza kuti adzaguluka. Ndi bwino kumuyasamitsa mwana padzuwa kamodzi pa mwezi ndi kuona ngati pali kadontho kakuda.

Mbulu ya aspirin isaikidwe pa dzino, cifukwa imaocha usinini. Ndipo tsaya likatupa kulinga ku diso kapena ku khosi, thupi likatentha, kapena munthu akalephera kumeza ndi kuyasama, atengeredwe ku cipatala ca pafupi tsiku lomwelo, ngakhale mseu uli woipa, pakuti mafinya a dzino angathe kupha munthu.