Adokotala Oteteza Matenda Mwawasiya Kumudzi Konko

Kuno ku Ntcheu munthu akamva za dokotala woteteza matenda, maganizo amathamangira kuchipatala chachikulu pa boma. Wina mpaka kugulitsa nkhuku kuti apeze ya basi kuchokera ku Tsangano kaya ku Kasinje, n'kukaima pamzere tsiku lonse. Chonsecho amene akumufunayo wamusiya kumudzi.

Ameneyu ndi mlangizi wa zaumoyo, yemwe ambiri amangoti "adokotala". Sachita opaleshoni ayi. Yake ndi kubaya ana katemera, kuwakweza sikelo, kugawa kolorini wothira m'madzi akumwa ndi kuyendera zimbudzi khomo ndi khomo. Boma limafuna mlangizi mmodzi pa anthu 1,000 alionse, ngakhale m'madera ambiri sakwana.

Abale, tisamuderere. Matenda a kolera omwe anabuka mu 2022 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, chikhalirecho amapeweka ndi madzi abwino komanso chimbudzi.

Kumupeza sikuvuta. Funsani kwa amfumu, apo ayi pitani tsiku la sikelo ya ana. Mukaona anthu angapo akutsegula m'mimba nthawi imodzi, mudziwitseni tsiku lomwelo. Iye ndiye amafikitsa uthenga kuchipatala maliro asanagwe pamudzi.